Zikhomo za Ba Philemon

Pa Chinyunyu, pomwe mabasi a ku Chipata amaima kuti anthu awongole miyendo, panali mwala wa simenti umene aliyense ankautcha mwala wa boma. Kanali kachipilala kafupi, kolekeza m'mawondo, kokhala ndi manambala ofufutika pambali. Azimayi ogulitsa pamsewu ankaikapo mabeseni a vitumbuwa, wotopa ankakhalapo, agalu nawo ankadzerapo kuchita zawo. Mukanafunsa munthu aliyense kuti malo a msewu amathera pati, akanakulozerani mwalawo ndi mlomo, manja osasiya kusenda chimanga.

Ba Philemon nawo anafunsa, ndipo anawalozera pomwepo. Anafika mu 1995 ndi mkazi wawo Estina, kampani imene ankagwirako ntchito ku Lusaka itagulitsidwa ndipo antchito atauzidwa kuti akapume. Kwawo ku Katete minda inali itagawidwa kale kwa adzukulu, ndiye anatsikira panjira. Amfumu anawalandira bwino, anadya nkhuku yawo, n'kuwaonetsa malo kuyambira kumsewu mpaka kuchulu. Zimene anapatsidwa kuntchito ba Philemon sanamwere ngati anzawo. Anagula malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, n'kuziunjika m'kanyumba kaudzu kamene anaimika mongoyembekezera.

Kenaka anasema zikhomo za mtengo wa muwanga, zosalala bwino ngati akagulitsa, n'kuzikhoma kuseri kwa mwala wa boma. Anakoka chingwe, n'kuitana mkazi wawo kuti adzaone.

"Amake Towela, apa ndi pakhonde," anatero akuponda pansi. "Muzidzakazinga vitumbuwa muli pakhomo panu. Basi ikaima, mungotambasula dzanja. Kusenza beseni pamutu kwatha."

Njerwa anaumba okha, koma sanazione zitapsa. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo anakamwalirira kuchipatala cha ku Mpanshya, Estina atawagwira dzanja. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Towela, anabwera kumaliro kuchokera ku Kabwe komwe anakwatiwa, nachonderera amayi ake kuti apite naye. Estina anakana. Anati abambo ako anandisiyira nyumba, yangotsala kuimika. Anthu a kumpingo anamuthandiza kupanga uvuni ndi kuwotcha njerwazo, ndipo zikhomo zija ankazilambulira udzu ngati manda. Munthu wa zaka zake, wamasiye, wodalira beseni, ankadziwa bwino lomwe kuti njerwa zimenezi ndi malata amenewa ndiwo oyamba ndi omaliza. Zikanawonongeka, akanafera m'kanyumba kodontha.

Ndiye chaka chotsatira, dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha, anaitana mmisiri, ba Mordecai, munthu wofatsa wosadziwa kukana. Ba Mordecai anayang'ana zikhomo, nayang'ana mwala, n'kuyamba kukumba maziko.

Apa m'pamene analowererapo ba Constance.

Ba Constance, abale, anali mayi woti ukamuona akubwera umayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani. Anali wamtali, wouma, mawu ngati wamwa utsi, ndipo ankakhala yekha m'kakhumbi ka mitengo ndi udzu kuseri kwa malo ogulitsira. Nayenso ankagulitsa vitumbuwa, beseni lake moyandikana ndi la Estina, moti basi ikaima awiriwa ankathamangira windo limodzi. Pamaliro a ba Philemon ndiye anatunga madzi kuposa aliyense, koma ndiyenso ananena mokweza kuti ndiwo zinalibe mchere. Munthu wotere sudziwa ngati umuthokoze kapena umutukwane, ndipo Estina anasankha kungomupatsa moni basi.

"Amake Towela," anatero tsiku limenelo ataimirira pamphepete pa maziko, manja m'chiuno, "ku khonsolo mwapitako?"

"Kukatani?"

"Kukafunsa ngati pano m'pomanga."

"Amfumu anatipatsa malo ano. Nkhuku anadya inu mukuona."

"Nkhuku anadya ndi amfumu. Msewu sunadyeko."

Estina analoza mwala. Anati malo a boma athera apo, aliyense akudziwa, ndipo malemu amuna anga anafunsa asanakhome chikhomo n'chimodzi chomwe. Ba Constance anaseka kaseko kawo kosaonetsa mano.

"Mwala uwu? Ine chibwerereni pano ndauona ukusuntha. Mthunzi wa mkuyu ukathawa, azimayi amaukunkhuniza. Mabasi akasintha poimira, amaukunkhuniza. Ine ndemwe ndinaukankhapo. Mwala woikapo vitumbuwa ndi umene mukufuna kuikapo moyo wanu?"

"Ngati unasuntha, unasuntha pang'ono."

"Pang'ono pang'ono ndi mtolo, amake Towela."

Estina anapsa mtima mpaka makutu anatentha. Nkhani yake anaiona poyera: khonde likaima pamenepo, pafupi ndi pomwe basi imaima, beseni la ba Constance lizibwerera lodzaza. Nsanje basi, nsanje yovala chitenge cha chifundo. Ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti mawu amenewo ankanena kuti ba Philemon, munthu amene ankayeza ngakhale mzere wa chimanga ndi chingwe, analakwitsa. Anauza ba Mordecai kuti apitirize, ndipo ba Mordecai anapitiriza, maso ali pansi.

M'mawa mwake anapeza ba Constance atakhala m'maziko. Osati pambali ayi, m'kati mwenimweni mwa ngalande, miyendo atawongola, beseni lili pamiyendo, akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Ba Mordecai anali ataima ndi piki paphewa ngati mlendo wosowa njira. Simenti inali itafika dzulo lake pa ngolo, miyala ya maziko ili mulu, ndipo kumpoto mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana.

"Tulukanimo," anatero Estina.

"Mukabwerako ku khonsolo ku Chongwe ndituluka."

"Mwapenga kodi?"

"Mwina. Thirani simenti yanuyo pamiyendo pangapa."

Azimayi a pamsewu anasiya mabeseni n'kubwera kudzaonerera, chifukwa zaulere ngati izi sizibwera tsiku ndi tsiku. Estina ananena mawu amene sitingawabwereze, mayi wa chigwirizano cha kumpingo ameneyo. Anati mfiti si yokhayo youluka usiku. Anati amene alibe nyumba safuna mnzake akhale nayo. Apo ba Constance anasiya kugwedeza kanthambi kaja, n'kumuyang'ana kuchokera pansipo.

"Nyumba ndinali nayo," anatero motsitsa mawu. "Ku Lusaka. Ya mabuloko, zipinda zitatu, pansi popaka polishi wofiira. Malo anatigulitsa ndi munthu wa m'komboni momwemo, ifenso osafunsa kwina. Inali panjira ya mapaipi a madzi. Tsiku limene anabwera ndi chimakina ndinatulutsa mbale ndi bulangete. Amuna anga anaimirira n'kumaonerera, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso munthu, mpaka ndinawaika m'manda. Ndiye nditukwaneni, amake Towela, pakamwa ndi panu. Koma nyumba ikamagwa imalira, ndipo ine sindikufuna kumvanso."

Wina anatsokomola, wina anabwerera kubeseni lake. Estina sanapepese, mtima unali udakali m'mwamba. Anangolowa m'kanyumba kake, n'kutuluka atavala chitenge cha kutchalitchi ndi nsapato za pulasitiki.

"Ndikupita," anatero. "Koma ndikakabwera ndi yankho, mudzandipepese pamaso pa anthu onsewa."

"Siyani beseni lanu apo, ndikugulitsirani."

"Kuti muike vitumbuwa vyanu pamwamba?"

"Vyanga n'vyokoma, sivifuna kuikidwa pamwamba."

Masiku amenewo Rufunsa, dera lomwe kuli Chinyunyu, inalibe boma lakelake, ndipo nkhani zonse za khonsolo zinkathera ku Chongwe. Estina anakwera minibasi yodzaza matumba a makala ndi nkhuku zomangidwa miyendo, ndipo njira yonse ankakonza mawu amene adzalankhule pobwera. Mantha nawo analipo. Iye ofesi ankaidziwa ngati malo omwe munthu umapita ndi nkhani imodzi n'kubwerako ndi milandu iwiri. Nanga akakanena kuti mayi wamasiye sangamange? Nanga akakafuna mapepala amene ba Philemon anapita nawo m'mutu? Pa benchi la panja anakhala nthawi yaitali ndithu, mpaka mlonda anamumvera chisoni n'kumulozera khomo la munthu woona za zomangamanga.

Munthuyo anali ba Lewis, wamng'ono thupi, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Anamupatsa mpando, chinthu chimene Estina sanayembekezere, n'kumvetsera nkhani yonse kuyambira kampani ya ku Lusaka mpaka mayi wokhala m'ngalande. Pa mayi wa m'ngalandeyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso, akubisa phwete.

"Amai, mwachita bwino kubwera," anatero. "Ambiri amabwera nyumba ili kale pa denga, ndiye timangoyang'anana. Nkhani ili chonchi. Malo ndi a amfumu, ndipo akakupatsani ndi anu, palibe angakulandeni. Koma msewu waukulu ngati uwu uli ndi malo akeake mbali zonse ziwiri, ndipo amenewo ngakhale amfumu sangagawe. Mungalimemo, mungagulitsiremo, palibe akufunseni. Koma mukaikamo njerwa, tsiku limene a misewu adzawafune, nyumba imagwa ndipo palibe chimene mungalandire."

"Pali mwala wa boma," anatero Estina. "Ife tili kuseri kwake."

"Ngati mwalawo uli pomwe anauika, mulibe vuto. Ife sitiyezera pa mwala, timayezera pakati pa tala. Sabata ino ndili ndi ulendo wokaona chimbudzi cha pasukulu ina kumeneko. Ndidzaima kwanu. Mpaka tsiku limenelo musathire simenti."

Anamuuzanso zina, zoti chimbudzi chidzakhale kutali ndi chitsime ndiponso kumunsi kwake, zoti mawindo asadzakhale timabowo ta nkhunda. Estina ankangovomera ndi mutu. Iye anamva chimodzi chokha, chakuti ngati mwala uli pamalo pake alibe vuto, ndipo anabwerera nacho kunyumba ngati wapambana mlandu. Beseni analipeza lopanda kanthu, lotsukidwa, ndalama zake zitamangidwa pakansalu. Sanawerenge pamaso pa ba Constance, ndipo atawerenga kuseri anakhumudwa kupeza kuti zinali zokwanira.

Masiku odikirawo anali owawa. Mabingu ankamveka chakumapiri madzulo alionse, ndipo Estina ankayang'ana matumba a simenti ndi nkhawa, chifukwa simenti ikamva chinyezi imasanduka mwala. Ba Mordecai anayamba kunena za ntchito ina imene ikuwadikira ku Mpanshya. Ba Constance anatuluka m'ngalande monga analonjezera, koma ankagulitsa atatembenukira kumazikowo.

Ba Lewis anafikadi, pa kanjinga ka moto kofuka utsi, tepi yoyezera ili m'chikwama. Pamsewu ponse malonda anaima. Anapempha ba Mordecai kuti agwire nsonga ya tepi pa mzere woyera wa pakati pa tala, ndipo ba Mordecai anagwada pamenepo akuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yomwa madzi, kuopa malole a ku Malawi. Ba Lewis anayamba kuyenda chafutambuyo, tepi ikutambasuka. Anadutsa ngalande ya msewu. Anafika pa mwala wa boma, ndipo Estina anapuma, poganiza kuti aima. Sanaime. Anadutsa chikhomo cha pakhonde, nalumpha maziko, nadutsa pomwe panayenera kukhala chipinda chochezera, nadutsa chipinda chogona, natulukira kuseri kwa nyumba yonse. Anakaima m'mapesi a chimanga cha chaka chatha.

"Malo a msewu athera pano," anatero.

"Tepi yanu ndi yaitali," anatero Estina.

Ba Lewis sanakwiye. Anangoyamba kupalasa pansi ndi nsapato, uku ndi uku, kenaka anapempha khasu. Sanakumbe kwambiri. Khasu linalira pa chinthu cholimba, ndipo atachotsa dothi panaoneka tsinde la simenti lothyoka, kachitsulo kadzimbiri katatulukira pakati. Amuna awiri anakunkhuniza mwala wa boma kuchokera kumsewu n'kudzauimika pamenepo, ndipo pothyoka pake panalumana bwinobwino ngati mphika ndi chivundikiro chake.

Ndiye muwamve anthu a pa Chinyunyu. Amene dzulo ankalumbira kuti mwalawo sunasunthepo chibadwire chawo, lero aliyense anakumbukira. Wina anati unathyoledwa ndi ngolo ya ng'ombe nthawi imene boma linkagawa makuponi a ufa. Wina anati amene anayamba kuukokera kumthunzi ndi malemu amake uje, aja ankagulitsa masuku. Wina anati iye ankadziwa kalekale, kungoti sanafunsidwe. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ba Lewis nawo anaseka, n'kunena kuti mwala wa boma woyenda wokha kukafuna makasitomala anali asanauonepo.

Estina yekha sanaseke. Anakhala pansi pafupi ndi chikhomo cha pakhonde, pomwe ba Philemon anaponda tsiku lija, n'kuyamba kulira. Sankalirira maziko okumbidwa pachabe, kapena khonde lotalikira basi. Ankalirira kuti chinthu chomaliza chimene mwamuna wake anachita ndi manja ake padziko lino chinali cholakwika, ndipo iye, mkazi wake, ndi amene anakaitana munthu wa tepi kudzaonetsa zimenezo pagulu. Anthu anachita manyazi, n'kuyamba kubalalika mmodzimmodzi. Ba Lewis anamuuza mofatsa kuti amuna anu sanalakwe, anafunsa ndipo anayankhidwa, kenaka anaonetsa ba Mordecai pomwe nyumba ingayambire, chakuchulu, n'kulonjeza kuti chilolezo adzachisiya kusukulu ulendo wotsatira.

Ba Mordecai anatenga chikwanje kuti akadule zikhomo zatsopano.

"Mukupita kuti?" anafunsa ba Constance.

"Kukadula zikhomo, amai."

"Izi zili ndi mizu kodi?"

Anawerama, n'kugwedeza chikhomo cha pakhonde uku ndi uku mpaka chinazuka. Muwanga sudyedwa ndi chiswe, chinatuluka chathunthu, chosalala monga anachisemera mwini wake. Anazula china, ndi china, mpaka zonse, n'kuzikulunga m'chitenge chake, n'kudzaziika pamiyendo pa Estina.

"Dzukani mukakhome nokha. Mwamuna wanu anayeza nyumba, ndipo nyumbayo ndi iyi ili pamiyendo panuyi. Malo okha ndi amene anamunamiza."

Estina anadzuka. Ba Mordecai anayeza ndi chingwe chomwe chija kutalika ndi kufupika monga zinalili, ndipo Estina anakhoma chikhomo chilichonse ndi dzanja lake, kuyambira cha pakhonde. Maziko atsopano anakumbidwa ndi amuna a kumpingo, ena mwa iwo chifukwa cha manyazi a mwala uja. Mvula yoyamba inagwa khoma lili pa mawindo, ndipo inawononga matumba angapo a simenti, moti chipinda chimodzi chinakhala chosapaka pulasitala. Malata anakhomedwa Khirisimasi itayandikira.

Mukuganiza kuti Estina anapita kukathokoza? Ayi ndithu. Munthu amakhululukira msanga amene wamulakwira kusiyana ndi amene wamuuza zoona pagulu. Nyumba inali yabwino, yosadontha, koma inali kutali ndi basi, ndipo beseni linabwerera pamutu monga kale. M'mawa uliwonse akamatsika nalo ankadutsa pa maziko akale aja, momwe anadzalamo nthochi kuti dzenje lisapite pachabe, ndipo ankadziuza kuti zaka zikupita, a misewu sakubwera, mwina sadzabweranso, ndipo akanakhala pakhonde pake pompano akutambasula dzanja. Kwa ba Constance anawonjezera pang'ono pa moni, nthawi zina kamchere kapena nkhuni, koma mawu enieniwo othokoza sanawatulutse. Ba Constance nawo sanawafunse. Anapitiriza kunena kuti vitumbuwa vya amake Towela n'vyolimba ngati mphira.

Mwala wa boma, musafunse. Sipanathe mwezi, unali utabwerera pansi pa mkuyu, beseni lili pamwamba.

A misewu anabwera mu 1999, m'chilimwe, nthochi zija zitabereka kale kangapo. Tala inali itadyeka maenje okhaokha, ndipo kuti aikonze anayenera kutsegula njira yongoyembekezera pambali, yoti magalimoto azidutsamo. Poyamba anabwera amuna a zipewa zachikasu ndi utoto wofiira, n'kulemba mtanda pa chilichonse choima m'malo a msewu, nauza eni ake kuti achotse zawo. Matebulo a tomato, timisasa ta makala, kagolosale ka matope ka pakona, zonse zinalandira mtanda. Mmodzi wa iwo anakwera mpaka kwa Estina, nayang'ana nyumba, nayang'ana kumsewu, n'kupempha madzi akumwa. Atamwa anathokoza n'kutsika, chitini cha utoto chili chotseka.

Tsiku la chimakina Estina anaima pakhonde pake. Chinabwera chikubangula kuchokera chakumadzulo, chikukankha dothi, zitsa ndi miyala patsogolo pake, fumbi lili tolo. Chinafika pa nthochi zija. Sichinachedwe n'komwe. Chinalowa pomwe panayenera kukhala khonde, n'kudutsa chipinda chochezera, n'kudutsa pomwe bedi lake likanakhala, ndipo kumbuyo kwake kunatsala njira yofiira yosalala, ngati sipanakhalepo kanthu chiyambire. Estina anagwira mzati wa khonde, n'kuyang'ana m'mwamba malata a ba Philemon, onse ali m'malo mwake. Anathokoza Mulungu, anathokoza kamunthu ka magalasi a waya kaja, koma ankadziwa bwino kumene ngongole yaikulu inali.

Anatsika osavala ndi nsapato zomwe.

Kakhumbi ka ba Constance kanali m'malo a msewu, ndipo mwini wake ankadziwa zimenezo kuyambira tsiku limene anakamanga. Sanadikire chimakina. Anali atakaphwasula yekha m'mamawa, mitengo ataimanga mtolo, udzu mtolo wina, mbale ndi bulangete zili m'beseni. Anakhala pa mwala wa boma, umene wina anaukankhira pambali, atafulatira chimakina, zala zili m'makutu. Mayi wa pakamwa ngati lumo uja ankaoneka wamng'ono, wokalamba, ndipo mapewa ake ankanjenjemera nthawi iliyonse chitsulo chikakhula mwala.

Estina anagwada patsogolo pake m'fumbi momwemo, azimayi onse a pamsewu akuona, amuna a zipewa zachikasu akuona. Anaomba m'manja mwaulemu, monga amachitira kwawo ku Katete pothokoza munthu wamkulu.

"Ba Constance, zikomo. Ndachedwa nazo, koma zikomo. Wakutsina khutu ndiye mnansi, ine ndinakutchani mfiti. Pakanapanda inu, lero ndikanatulutsa mbale ndi bulangete."

Ba Constance anachotsa zala m'makutu.

"Dzukani, mukudetsa chitenge. Anthu aziti ndakulodzanidi."

"Mupita kuti?"

"Ndikapempha amfumu kamalo kuseri uko. Zanga n'zonyamula pamutu, madzulo ano zikhala zitaima."

"Chipinda chakumadzulo chilibe munthu. Towela amabwera kamodzi pachaka, azigona ndi ine."

"Ine wa pakamwa ine? Sabata siitha mundithamangitsa."

"Mukadzayamba kunditopetsa ndidzakhala m'ngalande."

Ba Constance anafuna kuseka, koma nkhope inakana. Anayang'ana kuchulu, komwe malata ankawala padzuwa, n'kuyang'ana mitolo yake iwiri ija. Estina sanadikire yankho. Anasenza beseni la mbale ndi bulangete pamutu pake n'kuyamba kukwera, ndipo atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo.

Pakhomo ba Constance anaima, napukuta mapazi nthawi yaitali kuposa mmene fumbi linalili. Analowa m'chipinda chakumadzulo, chija chosapaka pulasitala, n'kuyang'ana denga, n'kuyang'ana windo. Chimakina chinkamvekabe kumunsi, koma muno phokoso lake linali lakutali. Anaika chikhatho pakhoma, n'kuchisiya pomwepo, akusisita njerwa imodzi ndi chala chachikulu.

"Mordecai anaumira simenti apa," anatero, misozi ikutsikira m'makwinya. "Mzere uwu wapindika."

"Mudzamuuze nokha," anatero Estina. Anatula beseni pakona, n'kutulutsa bulangete, n'kuyamba kuyala.